Mayi Ghislaine Delcourt, Amene Moto Sunawaletse Kujambula

Malemu Mayi Ghislaine Delcourt anabadwa pa 9 Malichi 1943 kuno ku Roubaix, m'banja la Bambo Émile ndi Mayi Berthe Delcourt, omwe ankagwira ntchito pa fakitale yoluka nsalu. Ine ndine Lucien, mwana wa mlongo wawo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya azakhali anga pamaso panu.

Sukulu anailekeza mu 1958, n'kukalowa ntchito yotsuka zithunzi pa kasitolo ka pafupi ndi siteshoni. Bambo awo ankafuna kuti akalowe ku fakitale ngati atsikana anzawo. Iwo anakana, ndipo mu 1963 anakwera sitima ya ku Paris atanyamula sutikesi ndi kamera yakale.

Kumeneko anayamba ndi kunyamula nyale mu situdiyo ya bambo wina amene ankawauza kuti manja a mkazi ndi osokera, osati ogwirira kamera. Tsiku lina abwanawo anadwala, magazini ikudikira zithunzi za madiresi atsopano. Malemu anajambula okha osapempha chilolezo. Zithunzizo zitatuluka anachotsedwa ntchito, koma dzina lawo linali litamveka. Kuyambira pamenepo osoka zovala otchuka ankawalimbirana, ndipo oimba ndi ochita zisudzo ankadikira pakhomo pawo kuti ajambulidwe.

Mu 1969 anakwatiwa ndi Bambo Gaspard Aubry, mphunzitsi wa masamu, ndipo anadalitsidwa ndi ana awiri, Florence ndi Bastien.

Pa 14 Juni 1988 masana, moto woyambira ku mawaya a magetsi unatentha situdiyo yawo. Palibe anavulala, koma mafilimu a zithunzi zonse zimene anajambula chifikireni ku Paris anapsa. Anzawo anawalangiza kuti angoisiya ntchitoyo. Amuna awo anati abwerere kuno adzayambe moyo wina. Malemu anayang'ana phulusalo kwa kanthawi, kenako anati, "Gaspard, zapsazi ndi zithunzi chabe. Anthuwo alipo. Ndikawapeza."

Ndipo anawafunafunadi. Atsikana amene kale ankaonetsa zovala anali atakula, ena ali ndi zidzukulu. Wina anamupeza akugulitsa tchizi pamsika ku Lyon, wina akusamalira odwala ku Marseille. Aliyense ankamujambula monga mmene alili, ndi imvi zake, pakhomo pake. Ntchito ya mafashoni sanaisiye, koma mtima wawo unali pa maulendo amenewa. Ngakhale amuna awo atatisiya mu 2006, anapitiriza.

Mmodzi yekha ndi amene anawakanira: Mayi Yvette Marchal, amene anavala madiresi aja pa zithunzi zawo zoyamba. Matenda a sitiroko anali atawapotoza mbali imodzi ya nkhope, ndipo sankafuna kuonedwa ndi munthu. Chaka ndi chaka malemu ankakwera sitima kukawaona ku Nantes, ndipo chaka ndi chaka ankabwerako kamera isanatuluke m'chikwama. Ulendo wina ndinawaperekeza, ndipo ndinamva Mayi Yvette akuti, "Iwe Ghislaine, ukufuna anthu adzandiseke? Nkhope ija inatha."

Azakhali anayankha kuti, "Nanga yangayi ilipo? Taona makwinyawa. Ine sindinabwerere nkhope ija, ndabwerera iweyo."

Mu 2022 azakhali anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Anabwerera kuno, ndipo mu Januwale chaka chino anagonekedwa m'chipatala ku Lille. Madokotala atatiuza kuti nthawi yatsala pang'ono, Florence anaimbira foni ku Nantes kungowadziwitsa Mayi Yvette. Lachiwiri, kutatsala masiku atatu kuti azakhali atisiye, tinangoona Mayi Yvette akulowa m'chipindamo pa njinga ya olumala, atavala jasi lofiira, milomo atapaka.

"Ndabwera, wamakani iwe. Fulumira, usandithawe."

Malemu analibe mphamvu zonyamula kamera. Anapempha anamwino kuti akweze bedi ndi kutsegula makatani, ndipo kamerayo anaitsamiritsa pa pilo. Anawadzudzula anzawowo kuti akweze chibwano, asabise mbali yodwalayo. Atatero anajambula. Anamwalira Lachisanu, pa 16 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 80. Chithunzicho chinatuluka bwino, ndipo Mayi Yvette, amene akhala pa mpando wakutsogolo apa, alola kuti chidzaonetsedwe pamodzi ndi zinzake.

Malemu asiya ana awiri, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo, Bambo Henri. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, ansembe ndi akwaya, oyandikana nawo nyumba amene ankabweretsa supu, komanso inu amayi nonse amene munawatsegulira zitseko zanu ndipo lero mwabwera kuchokera kutali.

Azakhali, moyo wanu wonse palibe amene anatha kukuuzani zochita. Lero tikungokupemphani: usani mumtendere.