Mizere ya Malaya a Aphunzitsi

"Mayi a Chisomo, kodi mukufuna mutiphetse tonse?" Anandifunsa choncho Abiti Yusufu, oyandikana nawo nyumba, ataona chimene ndinajambula pakhoma langa.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mutu wanga unasokonekera, masiku aja a chipani chimodzi.

Amuna anga anali aphunzitsi kuno ku Mangochi. Tsiku lina masana Landirova ya apolisi inawatenga m'kalasi, choko chili m'manja. Mlandu wake sitinauzidwe. Posecha m'nyumba anatenga makalata ndi chithunzi chathu chaukwati, chimodzi chokhacho. M'nyumba ya sukulu anatitulutsamo, ndiye ndinakapeza kanyumba kaudzu kufupi ndi doko, ndili ndi Chisomo wa zaka zitatu komanso pakati pa miyezi isanu.

Pachitsime anthu ankandilambalala ngati wakhate. Ngakhale kutchalitchi benchi inkakhala ya ine ndekha. Ndinasiya kulankhula, ndinasiya kusamba, mwina dzuwa linkapendeka ndisanakumbuke kuti mwana sanadye. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti nkhope ya amuna anga inayamba kundithawa m'mutu. Ndiye ndinatenga makala ndi dothi la katondo n'kuijambula pakhoma. Sinafanane kwenikweni, makutu anakula. Koma tsiku limenelo ndinalira koyamba, kenaka ndinadzuka n'kuphika.

M'mawa mwake anyamata a chipani anafika. Amene anawauza sindikumudziwa, ndipo sindifufuzanso. "Chigawenga chakochi ukuchikweza pakhoma ngati mtsogoleri?" Anandigwaditsa kuti ndifufute ndi manja anga, Chisomo akuona. Nditafika pa maso, manja anakana. Mmodzi anandiponda pamimba ndi jombo, enawo akuseka. Pakati paja panachoka sabata yomweyo.

Ndili gone pamphasa, pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, mundisiyireko kanthu.

Yankho linadzera mwa Abiti Yusufu omwe aja. Nditayamba kuyenda, anandigwira dzanja anthu akuona n'kupita nane kudoko kwa amuna awo, Che Amidu, okhoma maboti. Iwo anandiyikira bulashi ndi zitini ziwiri za penti patsogolo kuti ndipente boti.

"Ife Asilamu nkhope sitijambula, mama," anatero motsitsa mawu. "Koma aphunzitsi aja ndimawakumbukira malaya awo a mizere, yabuluu ndi yachikasu. Nanga mizere angaimange ndani?"

Mzere woyamba unakhota. Che Amidu anangoti nsomba sizidandaula. Mkwiyo wonse umene ndinkalephera kuunena ndinkaukanikizira pathabwa, kuchokera kumutu kwa boti mpaka kumbuyo, ndipo pobwerera kunyumba chifuwa chinkakhala chopepukako. Asodzi ena anaikonda mizereyo nabweretsa maboti awo, osadziwa kanthu. Ngakhale wa jombo uja ndinamuona atakwera limodzi mwa mabotiwo, akutsamira pamalaya a munthu amene nkhope yake iye anandikakamiza kufufuta. Chisomo ankangoloza n'kundinong'oneza, "Malaya a ababa."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera nzeru kudzera mwa anthu a chipembedzo china, pamene anzanga a benchi imodzi anandithawa. Iwe amene mawu akukanika kutuluka, usadzitaye. Gwira chilichonse chili pafupi, kaya ndi khala, manja alankhule mpaka pakamwa padzatseguke.

Koma sindikunamizani kuti zonse zinabwerera. Ndinataya mwamuna amene manda ake sindikuwadziwa, mwana amene sindinamuone nkhope, nyumba, ndi chithunzi chimodzi.