Mawu Amene Mayi Herlinda Anadikira

Malemu amene tabwera kudzawaperekeza lero, Mayi Herlinda Arciniega de Bañuelos, anabadwa pa 9 Febuluwale 1944, m'kamudzi ka alimi kufupi ndi Jerez, ku Zacatecas, m'dziko la Mexico. Anali achinayi m'banja la ana asanu ndi awiri la Bambo Anastasio ndi Mayi Petra Arciniega, omwe anatsogola kale. Ine amene banja landituma kuwerenga mbiriyi ndine Rosalío, mwana wawo woyamba. Bambo mfumu, akuluakulu, abale ndi anansi, mukumva nokha kuti ndikuwerenga mu Chingerezi pa maliro a munthu amene ankapemphera, kuseka ndi kukalipa mu Chisipanishi. Chifukwa chake chili m'mbiri yomweyi. Ndineneretu kuti musadabwe: pali mawu amene amayi anandipempha kuti ndiwauze m'chinenero chawo. Anawadikira miyezi itatu, ndipo sanawamve.

Malemu anayamba sukulu mu 1951 ndipo anaphunzira zaka zitatu zokha, chifukwa mbuzi za bambo awo zinalibe woziweta. Maphunziro awo enieni anawapeza kwa azakhali awo, amene ankatsogolera mapemphero a maliro m'mudzimo. Pofika zaka khumi ndi zisanu anali ataloweza pamtima kolona yonse, nyimbo zolirira akufa, ndi mapemphero a masiku asanu ndi anayi amene timachita munthu akaikidwa. Abale awo ankati mtsikanayu pakamwa pake sipankatsekeka. Akapita kuchitsime, anzawo ankaiwala kutunga madzi, kumangomvetsera nkhani, mpaka kunyumba kukachita kutumako munthu ndi ndodo.

Pa 12 Meyi 1965 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Fidencio Bañuelos. Ine ndinabadwa mu 1967, mlongo wanga Eulalia mu 1970. Chaka chotsatira banja linawoloka malire n'kudzakhazikika kuno ku chigwa cha Yakima, m'dziko la olankhula Chingerezi. Malemu anakwera makwerero limodzi ndi amuna awo, kuthyola zipatso za matcheri m'chilimwe ndi maapozi mpaka kuzizira kutayamba. Mu 1973 anapeza ntchito pa shedi yosankhira ndi kulongedza maapozi, ndipo anagwira pamenepo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ali chiimirire. Mng'ono wathu Efraín, mzime, anabadwira kuno mu 1974.

Tsopano ndafika pa mwezi wa Okutobala 1975. Ambiri a inu mukukumbukira kuti masiku amenewo kholo likaitanidwa kusukulu, womasulira anali mwana yemweyo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Pabwalo lamasewera anzanga sankandipatsa mpata. "Iwe wonunkha tsabola, tayankhulanso tiseke!" ankatero tsiku lililonse, ndipo ine ndinkayankha ndi zibakera. Tsiku la msonkhano amayi anavala diresi yawo ya kutchalitchi, n'kukhala pa kampando ka ana, chikwama pamiyendo. Aphunzitsi anga, mayi wamtima wabwino, anati: "Mwana wanu ndi wanzeru. Ali ndi zinenero ziwiri, musalole kuti ataye chimodzi." Amayi ananditembenukira, "Akuti chiyani, mwana wanga?" Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti: "Akuti tikapitiriza kulankhula Chisipanishi kunyumba ndilephera, ndipo Eulalia akayamba sukulu adzalepheranso." Bodza limeneli sindinaliululepo pagulu mpaka lero.

Bambo athu anali munthu woti akamva mawu a aphunzitsi amavula chipewa ngakhale aphunzitsiwo palibe. Tsiku lomwelo anagamula: "Kuyambira lero m'nyumba muno ndi Chingerezi basi. Sindinasiye kwathu kuti ana anga adzakalambire pa makwerero ngati ine." Chingerezi chawo anachitola kwa akapitawo m'minda, choncho theka lake silinali loti n'kulitchula patebulo. Cha amayi ndiye chinali chochepetsetsa. "Idya." "Vala juzi." "Wachedwa." "Gona." Ndi mawu ngati amenewa analera ana atatu. Mayi uja woiwalitsa anzake kutunga madzi anasanduka munthu wachete m'nyumba yake yomwe, wongoika nyemba ndi tsabola patebulo n'kumamwetulira ife tikuseka nkhani zimene sakuzimva.

Chisipanishi changa chinaima pa zaka zisanu ndi zitatu, sichinakulenso. Cha Eulalia ndi chakukhitchini, mayina a zakudya ndi mawu awiri atatu okalipira mphaka. Efraín alibiretu. Kusukulu tinakhozadi, sindinama, ndipo bambo anamwalira pa 2 Julayi 2009 akunyadira kuti lamulo lawo ndi limene linatipulumutsa. Dzulo masana, amayi a kutchalitchi ndi anzawo a pa shedi atasonkhana kunyumba, tinawamva akukumbutsana nthabwala za malemu, akuseka mpaka kupukuta misozi. Ife ana tinangoima pakhomo, kuyang'anana. Sitinkadziwa kuti amayi athu anali anthabwala. Anthu a pa shedi anawadziwa amayi athu kuposa ife amene tinayamwa bere lawo, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa imfa yomweyi.

Kunja kwa nyumba malemu sanasiye ntchito ya azakhali awo. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu, munthu akamwalira pakati pathu, foni yoyamba inkalira kwa bambo mfumu, yachiwiri kwa Mayi Herlinda. Kaya kukugwa chipale, kaya atopa ndi ntchito, ankamanga mpango wawo wakuda n'kupita, masiku onse asanu ndi anayi, osalandira kanthu kupatula khofi ndi buledi. Ambiri amene mwakhala pano anakupemphererani makolo anu. Koma zaka zapitazi anayamba kuona kusintha. Mabanja akale, amene tinabwera nawo limodzi, ankawauza mwaulemu kuti, "Mayi, mungofupikitsa, anawa sakumva." Ena anasiya n'kuwaitana komwe.

Wina anganene kuti ndikukokomeza, popeza Misa ya Chisipanishi imadzazabe mpaka pakhonde, wayilesi ikuimba, ndipo m'masitolo zikwangwani zili m'zinenero ziwiri. Ine ndimagwira ntchito ku ofesi yogawa madzi a m'minda, ndiye ndikayang'ana tchalitchi chathu ndimaona ngalande: imaoneka yodzaza chaka chonse, koma madzi ake si omwe aja a dzulo. Amene akudzaza mipandoyo ndi obwera kumene. Adzukulu a anthu amene anakhala pamipando yomweyo mu 1975 ali ku Misa ya Chingerezi, ngati amapita n'komwe. Agogo amalankhula, mwana amamva n'kuyankha mu Chingerezi, mdzukulu amangomwetulira. Mwana wanga wamkazi anachita kukaphunzira Chisipanishi ku koleji ngati chinenero chachilendo, agogo ake ali moyo, nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Tsiku limene obwera kumene adzaleke kubwera, sindikudziwa kuti ngalandeyo idzakhala ndi madzi zaka zingati. M'mabanja ambiri zinachitika pang'onopang'ono, popanda woti n'kumuloza chala. Kwathu wotseka madzi alipo, ndi amene waima pamaso panu.

Malemu anapuma pantchito mu 2004 ndipo anakhala athanzi zaka zambiri, akusamala dimba lawo la tsabola ndi kuphika matamale a pa Khirisimasi, chakudya chakwathu cha ufa wa chimanga, okwanira mudzi wonse. Pa 6 Ogasiti chaka chino anagwa m'khitchini ndi matenda ofa ziwalo. Atatsitsimuka kuchipatala, dzanja lamanja linali litafa, ndipo Chingerezi chonse chimene anachivutikira zaka makumi asanu chinali chitachoka. Chisipanishi chokha n'chimene chinatsala, ndipo chinatsala chathunthu. Anayamba kulankhula osalekeza, ngati mtsikana wa pachitsime uja. Ife ana tinazungulira bedi, kumangogwedeza mitu. Anamwino akatifunsa kuti amayi akuti chiyani, tinkayang'ana pansi.

Amene anatipulumutsa ndi Mayi Obdulia Treviño, mnzawo wapamtima wa pa shedi, amene anaimira Efraín pa ubatizo. Akhala apa kutsogoloku. Ankabwera tsiku lililonse kudzatimasulira, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu. Patatha masabata awiri, ndinaona kuti nthawi ikutha. Ndinawapempha Mayi Obdulia kuti amasulire zonse, osasiyako kanthu, ndipo ndinaulula za tsiku lija la kusukulu. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa imene inkagwirabe ntchito. Mayi Obdulia anandimasulira chonchi: "Akuti, iwe Rosalío, unkandiyesa chitsiru? Mayi uja ankalankhula akumwetulira, iwe n'kumamasulira ukuyang'ana nsapato. Ndinadziwa tisanatuluke n'komwe m'kalasimo."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati: "Bambo ako akanakusenda ndi lamba. Komanso malaya ako ong'ambika ankasoka ndani? Ndinkaona mmene unkabwerera kusukulu. Ndinkati ndi za chaka chimodzi, mwanayu apumeko. Chaka chinatha, chinabwera china, kenako ndinapezeka ndilibenso polowera." Abale, zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndinawapusitsa amayi. Sindinkadziwa kuti anasankha okha kukhala chete m'nyumba mwawo kuti mwana wabodza asakwapulidwe.

Pamenepo ndinati, "Mayi Obdulia, afunseni ngati andikhululukira." Amayi sanadikire kuti amalize. Anandiloza ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti: "Ayi. Za omasulira zinatikwana ine ndi iwe. Undifunse wekha, pakamwa pako, m'chinenero chimene ndinakuyamwitsa nacho." Ndinayesa kuzemba, ndikuti Mulungu amamva Chingerezi chomwe. Anayankha kuti, "Mulungu amamvadi. Koma sindiye unamunamiza kusukulu."

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndili ndi imvi. Mawu opempha chikhululukiro ndinkawadziwa, ngakhale mwana wa zaka zisanu amawadziwa. Koma ndinachita manyazi kumveka ngati kamwana, ine munthu wolemba malipoti ndi kutsogolera misonkhano. Ndinkafuna kuwauza zonse bwinobwino, m'Chisipanishi cha munthu wamkulu. Ndinalembetsa maphunziro, ndinagula mabuku, ndinalemba masamba awiri athunthu n'kumawakonza sabata ndi sabata. Mayi Obdulia anandikalipira kangapo: "Iwe, mawu awiri okha ukuwaphikira phwando? Mnzangayu sakudikira mayeso ako!" Ine ndinkangoti sabata yamawa. Ndikalowa m'chipinda chawo, amayi ankandiyang'ana pakamwa. Ndinkawakonzera pilo, kuwapatsa madzi, n'kutuluka. Lachinayi pa 14 Novembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndili ku ofesi, Eulalia anandiimbira foni. Amayi anali atatisiya, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu.

Malemu asiya ana atatu: ine Rosalío, Eulalia ndi Efraín. Asiyanso adzukulu asanu ndi awiri, adzukulutuvi atatu, ndi mchemwali wawo mmodzi, Mayi Amalia, amene ali ku Jerez ndipo alephera kubwera chifukwa cha ukalamba. Uthenga wa maliro anachita kuwaimbira Mayi Obdulia, chifukwa mwa ife ana panalibe wotha kuwafotokozera.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza bambo mfumu chifukwa cha Misa ndi kuwayendera amayi akudwala. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a kutchalitchi amene aphikira anthu masiku onsewa, anzawo a pa shedi, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Mayi Obdulia, kwa inu mawu sakwana. Mapemphero a masiku asanu ndi anayi ayamba mawa nthawi ya 5 koloko kunyumba ya malemu, ndipo mutsogolera ndinu, popeza mwa onse amene ankagwira ntchitoyi limodzi ndi amayi mwatsala nokha. Ife ana ndi adzukulu tidzagwada kumbuyo kwanu. Tikamaphonya mawu, mutikonze mokweza, musatichitire manyazi.

Masamba awiri aja sindiwerenga. Anali a munthu wofuna kuoneka wanzeru, ndipo mwini wake wowamva wapita. Chingerezi changa chathera pano. Mawu otsalawa ndiwanena m'Chisipanishi cha mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, chifukwa ndi chokhacho ndili nacho, ndipo chikanakwana kalekale.

Amayi, ndine. Ndinanama. Ndachedwa. Ndikhululukireni.

Mzimu wanu uuse mumtendere.