Tsiku Limene Anati Sindine wa Kuno

Abale ndi alongo, masiku a chipani chimodzi ine ndinali cheyamani wa nthambi pamsika wa Petauke. Dzina langa linaiwalika. Ngakhale mkazi wanga ankanditchula a Cheyamani, ine n'kumadzimva.

M'mawa ndinkaima pachipata. Wopanda khadi la chipani, osalowa. Amai Tembo a ku Kalindawalo ndinawabweza ndi dengu la nshawa pamutu, atayenda mtunda wonse uja. Madzulo ndinkakamwa kachasu ngati palibe chachitika.

Ndinali ndi mnzanga, Yelesani. Tinakulila pamodzi, kudyela mbale imodzi. Ulembi wa nthambi ndinamupezela ndine. Iye yekha ndiye ankadziwa kuti atate anga anachokela kutsidya kwa malile, kwa Apwitikizi, n'kudzakwatila kuno. Polembetsa chitupa ndinatchula mudzi wa amai. Kodi ndinanama? Kwathu mwana ndi wa kwa amake. Mchombo wanga unagwela ku Nyimba.

Chisankho cha nthambi chitayandikila, Yelesani anaimilila pamsonkhano, anthu atadzaza.

"Bambo awa si a kuno. Afunseni kwawo kwa atate awo."

Sanandiyang'ane n'komwe. Amene ndinkamwa nawo ndiwo anayamba kuomba m'manja. Anandivula baji pomwepo, mpando n'kukhalapo Yelesani.

Zinandiwawa, abale. Akanakhala mdani ndikanapilila. Koma Yelesani, amene ananyamula nane bokosi la atate omwewo?

Ndinadzitsekela m'nyumba. Mkazi wanga anasowa chonditchula, ankangoti, "Imwe." Ndinkatenga chitupa n'kumayang'ana chithunzi. Cheyamani sindine. Wa kuno akuti sindine. Kutsidyako sindinapondeko. Nanga ndine yani? Ndinafika poganiza za chingwe.

Tsiku lina mkazi wanga anandikakamiza kupita kuchigayo. Kumeneko ndinakumana ndi amai Tembo aja. Ndinafuna kuthawa, koma anandipatsa moni.

"Bambo, kodi dzina lanu lenileni ndani?"

Ndinachita kaye kuganiza. "Filimoni," ndinatelo, misozi ili m'maso.

Anandiitanila kutchalitchi kuno Lamulungu. Nditafika pakhomo apo ndinaima, manja akupapasa m'matumba. Ndinazolowela kuti munthu salowa chabe. Amai Tembo anatuluka n'kundigwila dzanja.

"Lowani, a Filimoni. Muno safunsa khadi."

Tsiku limenelo ndinagwada, ndinalila ngati mwana. Ndinazindikila kuti Mulungu anandidziwa boma lisanandilembe, ndipo Yesu anandifela osafunsa mudzi wa atate. Kachasu ndinasiya. Amai Tembo ndinawapepesa.

Yelesani sanapepese mpaka lelo. Ndinamukhululukila, koma sindikunamizani, ndikakumana naye mtima umayamba walasa. Ndimamupemphelela choncho.

Ambuye alemekezeke, amene anandibwezela dzina langa. Ngati ulipo amene anakuvula zonse, sukudziwanso kuti ndiwe yani, bwela. Masiku ano ndine ndimaima pakhomo la tchalitchi lino, ndipo sindibweza munthu.