Bokosi la Masewera la Bambo Saulos

Malemu achimwene anga, bambo Saulos Mbewe, anabadwa pa 14 Juni 1964 m'komboni ya pulazi lino la ku Trelawney, komwe makolo athu anafikira pochokera ku Ntcheu kudzalima fodya. Ine Nobert, mng'ono wawo, banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri yawo. Landitumanso kuti ndiyankhe funso lomwe ana a m'komboni akhala akunong'onezana chiyambire maliro: pogawa katundu wa malemu, bokosi la masewera lija lipita kuti?

Mu 1972 anayamba sukulu ya papulazi, nalekezera giredi 7. Mu 1981 analembedwa ntchito yokonza mathalakitala, ndipo mu 1988 anakwatira mayi Esnath mumpingo mwathu. Mayiwa ndi mboni kuti wailesi iliyonse yolowa m'nyumba mwawo inkagona itaphwasulidwa, ngakhale yabwinobwino.

Mu 2003, pulazi litasintha eni, anatola ku kalabu yakale bokosi lalitali la masewera, lija ankaponyamo ndalama ana a mabwana ife tikusuzumira pawindo. Linali lakufa, makoswe atadya mawaya. Linakhala pakhonde zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Mu 2016 mwana wawo Charmaine anabwera kuchokera ku Harare ndi kompyuta yakale, momwe munali pulogalamu yoichititsa kusewera ngati makina akale aja. Malemu anatenga bokosi lija nadzitsekera nalo m'balani lina la fodya losiyidwa, osalola mayi kapena mwana kulowamo. Posakhalitsa inamveka mphekesera yoti iwo, mkulu wa mpingo, akusema zigoba za gule, moti anzathu akudambwe anayamba kuwapatsa moni wogwira manja awiri. Chonsecho iwo anali kuphwasula kiyibodi, kulumikiza waya uliwonse ku batani lake. Zina anabwereka kwa abale: TV kwa alamu awo a Mcloud, sipika kwa ine, batire la sola kwa mwana wawo Reason. Poponyera ndalama anatsekapo, naikapo batani lolizira thalakitala, ati mwana wa m'komboni asadzaimenso kunja kwa windo.

Tsiku lotsegula balani akuluakulu a mpingo anabwera nkhope zili gwa, koma anachoka akukanganirana kuti asewere ndani. Lamulo la malemu linali limodzi: wojomba kusukulu sagwira batani. Anyamata ena amene akanathawira kwa makorokoza, aja okumba golide mozemba ku Shamva, lero ndikuwaona apo atavala yunifolomu. Ine zimenezi zimandinyaditsa.

Mu Febuluwale chaka chino, 2024, anayamba kudwala chifuwa, ndipo kawiri konse anagonekedwa kuchipatala ku Chinhoyi. Manja atayamba kunjenjemera, ankakhala pampando kuloza ndi chala, mwana wawo wotsiriza Yvonne akumasula ndi kumanga mawaya mpaka atawaloweza onse. Anatisiya pa 19 Julayi, ali kunyumba.

Tsono mwambo mukuudziwa, anamalira. Munthu akapita, chobwereka chimabwerera kwa mwini, chotsala chimagawidwa. Tikatsata bwinobwino, a Mcloud anyamula TV, ine sipika, Reason batire, Charmaine kompyuta, anawa atsala ndi matabwa. Dzulo tinakhala pansi monga banja, ndipo tonse maso anali pa a Mcloud, amene akhala akulonjerera TV yawo chaka ndi chaka. Iwo anayankhula misozi ikutsika. Anati malemu anawauza kuti akubwereka mpaka Loweruka, koma sanatchule Loweruka liti, choncho iwo adikirabe. Atatero, panalibenso wina wa ife amene anatambasula dzanja. Zovala, njinga ndi masipanala tigawa monga mwa mwambo. Bokosi lokha silikhudzidwa.

Malemu asiya mayi Esnath, ana atatu, Reason, Charmaine ndi Yvonne, komanso zidzukulu zinayi. Banja likuthokoza abusa ndi kwaya, anzathu akudambwe amene akumba manda, amayi amene sanachoke pamoto, ndi a Fraser amene ankawanyamula pa kombi yawo popita kuchipatala.

Ana inu, pukutani misozi. Lolemba mukaweruka kusukulu, Yvonne akakutsegulirani balani.

Achimwene, ntchito yanu ili m'manja abwino. Usani mumtendere.