Ululu Wangoleka Wokha

Pa siteji ya ku Chamama, Sellah, mkazi wa tenanti wa pa esiteti ya fodya, ankadikira minibasi ya ku Boma. Mayi wina wachilendo, wovala duku lakuda, anadzakhala pambali pake n'kumuyamba.

"Mukuoneka osangalala, achemwali."

"Bambo a kwathu achira. M'mimba munawavuta kwabasi. Ndi fodya wamuwisi ameneyu, paja ukathyola masamba a mame umasanza, m'mimba n'kumapota."

"Munawapatsa chiyani?"

"Madzi ofunda ndi phala lamadzimadzi, n'kuwagoneka. Nthawi zonse zimatha choncho."

"Zimathadi kukakhala kupota wamba. Koma uku kunayambira pamchombo, kenako kunatsikira kumanja, m'munsimu."

"Kodi ndinakuuzani kale ine?"

"Thupi linatentha. Akatsokomola ankagwira pamimba. Ndiye lero m'mawa ululu wangoleka wokha, adzuka, apempha tiyi."

"Panopa ali m'chigafa, akusoka fodya. Mwadziwa bwanji zonsezi?"

"Mwawakhudza pamimba?"

"Pauma gwa, ngati thabwa."

"Kumeneko si kuchira ayi. Adokotala anandiuza kuti kathumbo kotupa kakaphulika m'kati, ululu umayamba waleka. Minibasiyi musakwere nokha. Bwererani mukawatenge, akafike kuchipatala dzuwa lisanapendeke."

"Akakana amenewo. Akanena kuti fodya awonongeka."

"Amuna anganso anatero, ine n'kuwamvera. Fodya wathu anauma bwino kwambiri chaka chimenecho, achemwali. Mabelo ndinadinda ndekha, nditavala dukuli."