Msewu wa ku Nthalire unali wowonda

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Chaka chatha ndinataya mkazi wanga Tusayiwe. Ndinataya nyimbo zake za m'mawa, ndinataya tulo, ndinatayanso mawu opempherera. Lero ndikuuzani za mapu amene anandisiyira.

Tusayiwe ankaphunzitsa ana osaona pa sukulu ina kuno ku Chitipa. Asanadwale anajambula pa kompyuta mapu a boma lathu, kuti ana aziwerenga mitsinje ndi misewu ndi zala. Ine ndili ndi makina amene amasungunula ulusi wa pulasitiki nkuumba nawo chinthu, mzere pamwamba pa mzere. Tinagwirizana kuti iye ajambule, ine ndiumbe. Malungo anamutenga ndisanayambe kuumba.

Kuchipatala, mawu ake omaliza anali okhudza misewu. Ndinaganiza kuti akubwebweta ndi kutentha kwa thupi, ndipo sindinauze munthu.

Patapita miyezi, aphunzitsi aakulu anandifunsa modekha ngati mapu aja angatheke ana a Sitandade 8 asanachoke. Ndinavomera. Koma makina aja asanaumbe, pulogalamu ina imayamba yadula chojambulacho m'magawo opyapyala. Pa chojambula cha Tusayiwe zonse zinalipo. Ikadula, mapiri a Misuku ankaoneka, malire ankaoneka, koma misewu ndi mitsinje ing'onoing'ono inkasowa. Ndinasintha ulusi, ndinatsuka kamlomo kotulutsira pulasitiki, ndinachepetsa liwiro, koma mapu ankatuluka osalala ngati mbale. Ndinayatsa gawo la pulogalamu losunga timizere topyapyala, misewu ina inabwera koma yodukaduka, yothothoka ndi chikhadabo. Zoti ndikhudze chojambulacho sindinaziganizeko, chifukwa mzere uliwonse unali dzanja lake.

Tsiku lina masana ndinagwada pambali pa makinawo. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, munthu mwatenga, ntchito yake musaitengenso.

Mawa lake kunabwera bambo Makwinja, a ku Mulanje, amene amagwira ntchito ya misonkho ku malire ndipo timaimba nawo kwaya. Ankafuna ndiwaumbire kachivindikiro ka galimoto yawo. Anandilonjera mu Chitumbuka chawo chopunduka, kenaka anaweramira pa kompyuta nkufunsa chimene chandiumitsa nkhope. Ndinawaonetsa chojambula, kenaka magawo odulidwa aja.

"Achimwene, ngakhale makina awa aukana msewu wa ku Nthalire?" anatero. "Galimoto yathu inaukana kalekale! Komanso wowonda chonchi ngati ulusi wosokera, adutsapo ndani?"

Ndinaseka, koyamba chichitikireni maliro. Kuseka kusanathe, liwu loti wowonda linandilasa. Ndinayeza mzere wa msewuwo, ndipo unali wochepa kuposa bowo la kamlomo. Makina sangalembe mzere wopyapyala kuposa pakamwa pake, choncho pulogalamu inkangoudumpha. Izi ndinaziphunzira ku koleji, koma chisoni chinanditseka maso. Tusayiwe anajambula mizereyo moyenera maso, ndipo ali pa bedi la kuchipatala anazindikira yekha kuti zala sizidzaimva. Sankabwebweta ayi. Ankandipatsa ntchito, ankandipatsanso chilolezo.

Ndinakulitsa msewu uliwonse kuti kamlomo kazidutsapo kawiri, ndinaukwezanso pang'ono. Mitsinje ndinaikumba ngati tingalande kuti isiyane ndi misewu. Ndisanaumbe ndinayang'ana magawo odulidwawo limodzilimodzi, ndipo panalibe chosowa.

Tsiku lopereka mapu, mtsikana wina wa ku Wenya anayendetsa chala kuchokera pa boma, pang'onopang'ono, mpaka anaima pamudzi pawo nkukuwa m'chiyankhulo chakwawo, "Apa ndipo pakaya pithu!" Anzake anayamba kulimbirana, aliyense akufuna kwawo. Mnyamata wa ku Nthalire anadandaula kuti msewu wawo ndausalaza kwambiri, zigwembe ndazisiya kuti? Kalasi yonse inafa ndi phwete, ine ndemwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera m'nthabwala ya munthu wofuna kachivindikiro. Mkazi wanga sanabwerere, ndipo ndimamusowa tsiku lililonse. Koma nyimbo ndayambiranso kuimba. Inu amene mukuona ngati njira yanu yafufutika, musaleke kupemphera. Mwina ilipo, yangochepa, ndipo yankho munapatsidwa kale. Langa ndinapatsidwa m'wodi muja, Tusayiwe atandigwira dzanja:

"Amuna anga, misewu ija mukainenepetse, ana akapeze kwawo."