Dzino Limene Agogo Anu Anabwezeretsa

Chaka chija tomato anabereka mpaka kugwetsa mitengo yake m'dimba langa la ku Mtakataka, inu mukadali kumsana, kapikapu kathu kanali kakumwa petulo ngati agogo anu aamuna pa ukwati. Manja asaime, zisankhani mtedzawo uku mukumva.

Kale galimoto ikadwala ankaimvera ndi khutu, kuipemerera ndi pakamwa kabureta, kachitsulo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo inkadzuka, koma malume anu a Yohane atabwera kuchokera kusukulu ya umakaniko anati, "Amayi, kabureta tichotse, tiike kompyuta yoti izipimira injini mafuta." Ndinavomera, poti sukulu imeneyo inadya mbuzi zanga ndipo ndinkafuna kuona kumene zinapita.

Kompyutayo akuti siona yokha. Imafuna kagudumu ka mano komangirira kutsogolo kwa kalankishafuti, chitsulo chija chimazungulira m'mimba mwa injini, ndipo pambali pake pamakhala kadiso kotchedwa sensa, kowerenga manowo akamadutsa. Mwana uja anayeza, nayezanso, ine mtima uli pa tomato. Ndikamufunsa chomuchedwetsa ankati, "Kakakula kakhula lamba, kakachepa mano apanikizana ndipo sensa iwerenga zabodza." Anakakadulitsa ku Lilongwe, nakasiya pakhonde, nakwera minibasi kukasaka mawaya.

Apa mpamene agogo anu a Ngozo anakapeza, munthu amene sanatayepo ndowa yobooka chibadwire. Anakatembenuzatembenuza, naona kuti pamalo amodzi palibe dzino.

"Nabanda, taona! Amupusitsa mwana. Sukulu yonse ija, wagula chinthu chagweru."

Ndinati, "Dikirani mwini wake."

"Ine ndinayamba kukonza zitsulo iyeyo asanabadwe."

Anagwira tambala wanga wofiira, wangatu, osati wawo, nakwera njinga kupita kwa wowotcherera ku Golomoti, ndipo tambala anatsala komweko ngati malipiro, iwo nabwerako ndi kagudumu kali ndi dzino lokongola kuposa anzake onse, nakamangirira okha kagudumuko pa injini kuti mwana adzapeze ntchito yachepa.

M'mawa mwake tinapakira madengu, Yohane, atabwerako, nalumikiza mawaya ake. Kutembenuza kiyi, galimoto inangoti ng'e-ng'e-ng'e, osadzuka. Anayang'ana batire, anamasula mawaya nkuwabwezeranso, dzuwa lathu lino la kuchigwa likuwotcha, ndipo pofika masana madzi a tomato anayamba kudontha pansi pa galimoto. Pamenepo agogo anu, atakhala pamthunzi, anati, "Ufufuze kwina, mwanawe. Kagudumu kokha ayi, kameneko ndakakonza ine."

Yohane anasuzumira, nakhala pansi padothi, sipanala ili m'manja.

"Bambo, mpata uja anausiya dala. Ndi umene umauza kompyuta poyambira kuwerenga. Tsopano ikungowerenga mano osadziwa kuti ithire liti mafuta."

"Ndiye bwanji sanalembepo?"

Anamasula, nakhula dzinolo ndi tupa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo tsiku lotsatira galimoto inadzuka kamodzi n'kamodzi, mpaka pano siimwanso ngati kale. Koma tomato wanga ambiri anakathera ku nkhumba za aneba, zimene zinanenepa osandithokoza.

Choncho ana inu, masiku ano zinthu zina zimabwera ndi mpata wake kuchokera kumene anazipanga, ndiye mukaona posoweka dzino, yambani mwafunsa mwini wake, ngakhale mutam'bereka ndinu. Koma mukapita kwa agogo anu, za kagudumu musawakumbutse, akalamba. Muwakumbutse za tambala.